Mawu a Esinati Anatsala mu Seva

Abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kutaya mkazi wanga kachiwiri.

Esinati anapita ndi madzi chaka chimene phiri linagumuka. Thupi lake sitinalipeze. Nyumba, foni, zithunzi za ukwati, zonse zili pansi pa miyala, ndipo ine ndi mwana wathu Tamanda tinapulumuka chifukwa tinali kuchipatala ku boma. Chinatsala ndi fayilo imodzi mu seva, kompyuta yosungira zojambula zonse, ya kawailesi komwe ndimagwira ntchito pafupi ndi Chitakale. Kwaya ya amayi inadzajambulitsa nyimbo, ndipo woyambitsa anali Esinati. Asanayimbe anapereka moni m'Chilomwe n'kuseka. Tamanda sakumbukira mawu a mayi ake, ndiye ndinkati akakulako ndidzamuyikira amve. Ndinkayesa seva ndi malo otetezeka kuposa thumba langa, poti madzi sanafikeko.

Sevayo ndi ya Linux, ilibe tizithunzi todina, ndi mdima ndi zilembo basi. Amene anayiika anasamukira ku Blantyre n'kutisiyira ine ndi mnzanga a Namakhwa, tonse owulutsa mawu, odziwa timalamulo tochepa toloweza ngati katekisimu. M'mawa uliwonse ndinkavala mahedifoni n'kumvetsera nyimboyo. Tsiku limenelo anandiitana ili pakati, ndinangoyiimitsa n'kutuluka.

Pobwerera ndinapeza a Namakhwa akumwetulira. Seva inakana kusunga nkhani, iwo atalemba df -h anaona kuti disiki yadzaza, ndiye anafufuta foda yonse ya zakale ndi rm -rf.

"Zinali zinyalala zija, achimwene. Pano ikupuma bwino," anatero.

Ndinalemba ls kuti ndione zimene zatsala. Fodayo panalibe. Abale, rm safunsa kawiri, ndipo alibe dzala loti n'kukatolako zimene wataya. Nditawauza chimene chinali mmenemo, a Namakhwa anakhala pansi n'kugwira mutu. Ndinawada nthawi imeneyo, sindibisa, ngakhale kuti munthuyo sanadziwe. Ngati kuti sizinakwane, magetsi anathima, batire la seva n'kuyamba kulira.

Kwathu kuno chinthu chikavuta, kaya foni kaya dikoda, mankhwala ake ndi amodzi: zimitsa, yatsanso. A Namakhwa anati tichite zomwezo, mwina zibwerera. Ndinagwada pakona ya ofesi, ndipo pemphero langa silinali laulemu. Ndinati, "Munatenga thupi, manda munandimana, tsopano mukufunanso mawu omwe?" Ameni sindinanene.

Pakhomo panamveka odi. Anali mayi wachisilamu, maso atatupa ndi kulira, atabweretsa uthenga wa maliro a mchimwene wawo ku Thuchila kuti tiwulutse. Anati dzina lawo ndi Abiti Saidi, amayang'anira makompyuta pa kampani ina yonyamula katundu ku Muloza. Ataona mwamuna wamkulu ali chigwadire anafunsa chavuta, a Namakhwa n'kufotokoza dzanja lili pa batani lozimitsira.

"Chotsani dzanjalo, bambo. Mwazimitsako kale?"

"Ayi."

"Alipo anatsegula fayiloyo lero?"

Ndinawauza kuti ndinayisiya itaima pakati. Anakhala pa mpando n'kulemba lsof | grep deleted. Panatuluka mzere umodzi wokhala ndi dzina la nyimboyo. Anandiuza mwachidule kuti rm amachotsa dzina lokha, ndipo ngati pulogalamu ina ikadaigwira fayilo, zam'kati zimakhalapobe mpaka pulogalamuyo itatsekedwa. Tikanazimitsa, zikanathera pomwepo. Anatenga nambala ya pulogalamuyo pa mzerewo, n'kulowa mu /proc, mu foda ya fd, n'kukopera ndi cp kupita pa fulashi yawo. Analemba sync kuti zonse zikhazikike mu fulashimo, n'kudikira. Batire linkalira mothamanga tsopano. Anangozula fulashiyo, seva n'kuthima yokha.

Tinayesa pa laputopu yawo. Esinati anapereka moni, n'kuseka. Ndinalira ngati uthenga wa imfa yake wandifika kumene. Abiti Saidi anati "Alhamdulillah" motsitsa mawu, n'kundipatsa fulashiyo, n'kunyamuka kuti akapeze maliro asanatuluke, poti kwawo sagoneka mtembo. Magetsi atayaka uthenga wawo ndinawerenga ndekha, koma unali utachedwa, ndipo zimenezi zimandipwetekabe.

Musaganize kuti zonse zinabwerera. Makwaya ena, nkhalamba zimene tinazijambula zikufotokoza mbiri ya midzi imene lero kulibe, zonsezo zinapita. Inapulumuka ndi fayilo yokhayo imene inali yotsegula.

Inu amene munasiyiridwa seva ngati ife, musanalembe rm yambani mwalemba ls muone chimene mukupha. Zolowerani rm -i kuti azikufunsani. Chimene mumachikonda chikopereni kwina ndi rsync lero lomwe. Ndipo mukafufuta molakwitsa, musathamangire kuzimitsa.

Madzulo ake sindinadikirenso kuti Tamanda akule. Ndinamuveka mahedifoni, anamvetsera mpaka kumapeto osagwedezeka, kenako anati ndibwereze poyamba paja.

"Ababa, amayi akuseka chiyani?"

Ndinali nditaiwala. Ankaseka ine, ndili kuseri kwa galasi la situdiyo ndikuwakodola kuti ayambe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano, n'kunditumizira munthu wachipembedzo china, wolira maliro ake. A Namakhwa ndinawakhululukira, tikugwirabe ntchito limodzi. Inu amene mwagwada pakona lero, mawu akukuthawani, pirirani pang'ono, musazimitse. Manda a Esinati ndilibe mpaka pano, koma Tamanda akaseka tsopano amadziwa kuti anatengera ndani.