Kope limene anandipatsa Mayi Marisol

Aleluya, abale ndi alongo! Abusa, amayi abusa, zikomo pondipatsa mpata. Amene simundidziwa, ndine Esinati Chisale, ndimakhala ku Spinney Hill, mu Leicester momwe muno. Ndaimirira kuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi wina wamfupi kuposa ine, ndipo mukuona nokha kuti ine si wamtali.

Ndinabwera kuno pothawa banja. Bambo akunyumba ankandimenya, ndipo anali munthu wamphamvu, woti ngakhale uthawire kumudzi akupeza. Nditapempha asayilamu, kuti boma lindilole kukhala kuno ngati wothawa, anandiitana ku intavyu. Wofunsa anali mwamuna. Akuti, "Tiuzeni, amuna anu anakuchitani chiyani?" Ine maso pansi. Ndinati, "Tinkasemphana pang'ono." Pang'ono, abale! Dzino loguluka ndili nalo, chipsera kumsana ndili nacho, koma ndinati pang'ono.

Amayi muli muno mukundimvetsa. Tsiku la chilangizo changa, alangizi anandikhazika pamphasa n'kundiuza kuti za kuchipinda sizituluka pakhomo. Ndinamvera. Ndinamvera ku Zomba, ndinamvera mpaka kuno ku Ulaya. Kalata inabwera: andikana. Akuti palibe choopsa, bwererani kwanu. Kwathu kuti? Kwa munthu yemwe uja!

Ndinafooka, abale. Kudya ndinasiya. Ndinkakwera basi osadziwa kotsikira. Popemphera ndinkangoti "Ambuye," mawu n'kuthera pomwepo.

Mlongo wina wa ku Zambia ndiye anandikoka dzanja, akuti tiyeni ku holo Loweruka, kuli tiyi waulere. Ndinapitira tiyi, ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Kumeneko ndinapeza Mayi Marisol. Tsitsi loyera, ndolo zikuluzikulu, mawu ngati a kondakitala wa minibasi.

Mayi amenewa anabadwira ku America, koma makolo awo anachokera ku Mexico, ankathyola mphesa m'minda ya eni. Kusukulu ankawakwapula akayankhula Chisipanishi, chiyankhulo cha amayi awo. Mwana wa aganyu uja anadzakhala pulofesa! Analemba mabuku, anayenda m'misewu ndi zikwangwani kumenyera ufulu wa ogwira ntchito m'minda, mpaka anagonapo m'chitolokosi. Atapuma ntchito anatsatira mwana wawo ku Leicester kuno, koma kupuma kwake kunali kotiphunzitsa ife kulemba.

Anandipatsa kope ndi bolopeni. Akuti, "Lembani zimene zinakuchitikirani." Ndinalemba mizere itatu m'Chingerezi, yaulemu bwino. Anawerenga, anavula magalasi.

"Esinati, apa mwalemba kuti musakhumudwitse munthu. Mukuteteza ndani?"

Ndinawafotokozera za alangizi aja. Sanaseke, sananyoze mwambo wathu. Anati, "Nafenso kwathu amatiuza choncho. Amayi anga anapita nazo kumanda. Inu lembani m'chiyankhulo chimene munkalira nacho."

Ndinati, "Koma mayi, Chichewa simumva."

Akuti, "Ine ndisamve, pepala limva."

Ndinalemba, abale. Loweruka loyamba tsamba limodzi. Loweruka lachiwiri masamba anayi. Ndinkawawerengera mokweza m'Chichewa, iwo atandigwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe. Ndikafuna kulumpha poipa, ankadziwa, kaya ankadziwira pati. Akuti, "Bwererani, apo mwathamanga." Masiku ena ndinkawakwiyira, ndithu. Ndiye ankandituma kukawiritsa tiyi, ndikabwera kope lili chotsegula pomwe ndinasiyira. Mayi ouma mutu amenewa, ndimawakonda!

Tinamasulira zonse ndi mlongo wa ku Zambia uja, n'kupereka kwa loya kuti akachite apilu. Tsiku la apilu Mayi Marisol anakhala kumbuyo, atapinda manja ngati abwera kudzamenyana ndi munthu. Woweruza anafunsa funso lomwe lija. Mtima unati thawa. Koma ndinadzutsa mutu. Ndinanena za dzino. Ndinanena za kumsana. Ndinanena zonse, abale, zonse!

Mapepala anatuluka. Aleluya!

Lero ndimagwira ntchito ku keya homu, kosamalira okalamba, mashifiti a m'mawa. Ndili ndi kachipinda kanga, kiyi ndimasunga ndekha. Mayi Marisol anadwala sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja silikugwiranso. Tsono Loweruka ndimapita kwawo, iwo amayankhula, ine ndimalemba. Akadali olongolola, musadandaule, ndipo akulemba buku lina.

Zikomo Yesu pondisunga. Zikomo abale amene munkandipempherera osadziwa chimene chinkandidya.

Chomaliza ndi ichi. Amayi abusa andiika m'gulu la alangizi, ndipo mwezi wamawa tikulangiza mwana wathu amene akukwatiwa ku Corby. Ndikamuuza kuti alemekeze mwamuna wake, inde. Koma ndikamuuzanso pamaso pa amayi onse kuti, "Mwanawe, tsiku limene adzakukwezere dzanja, usadzakhale chete. Udzandiimbire foni. Ndidzakwera basi yoyamba."

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.