Kamba wa Lonesi

Abusa, ndikupatseni moni. Akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ameni? Akumbuyoko sindinakumveni. Ameni? Eya, tsopano ndiye mwadzuka.

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndineneretu, amene mukudikira kumva kuti wodwala wadzuka n'kuthamanga, lero mubwerera chimanjamanja. Umboni wanga ndi waung'ono. Ndikalira mundipirire.

Mwana wanga Lonesi ambiri mukumudziwa. Adachoka kuno kwa Msakambewa n'kupita kuchitengwa, kumapiri a ku Ntchisi uko. Matipate atabwera aliyense adasanduka wabizinesi, mkamwini wanga nayenso adayamba kuyendayenda ndi fodya m'matauni. Chimene adabwera nacho si fodya ayi. Adadwala, ndipo tidamuika m'manda mu Juni, kukuzizira. Pofika mu Ogasiti uthenga udabwera wakuti, dzatengeni mwana wanu.

Ndidakwera mapiri aja wapansi, mpaka ndidafika pakhomo pake. Pakhonde padakhala gogo wina atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Ndidagwada, ndidapereka moni, n'kufunsa kuti, "Agogo, kodi Lonesi ali kuti?" Abale anga, gogo ameneyo ndiye adali Lonesi. Mwana wobala ndekha, ndidamufunsa kuti Lonesi ali kuti. Iye adangoti, "Ndine, amayi."

Matendawo sinditchula dzina. Nonse mukuwadziwa, ndi aja timangoti matenda a masiku ano, ndipo palibe mudzi umene sadalowemo. Ndidamutenga iye ndi kamwana kake kakakazi, Tiyamike, ka zaka zinayi, kubwera nawo kwathu.

Tsono apa ndiulule tchimo langa, chifukwa umboni wobisa mbali ndi bodza. Anamwino adatiuza bwinobwino kuti matendawa sapatsirana pa mbale kapena pa kapu. Mawuwo adalowera khutu ili n'kutulukira linali. Mantha, abale, mantha! Ndidapita kumsika, ndidagula kapu yofiira ya pulasitiki ndi mbale yake, supuni ndidaimanga ulusi kuti isasokonezeke ndi zathu. Ndinkazitsuka pazokha, kuziyanika pathandala pazokha. Tiyamike akati ayandikire mbale ya mayi wake, ine ndinkakuwa kuti, "Choka apo iwe!" Mumtima ndinkati ndikusamala banja.

Tsiku loyamba Lonesi adadya pang'ono. Lachiwiri adaiyang'ana kapu ija nthawi yaitali. Lachitatu adatembenukira kukhoma.

Ndidaphika, amayi anzanga, ndidaphika. Phala lothira nsinjiro, lidabwerera. Nkhwani wotendera amene ankamukonda kuyambira ali kamtsikana, adabwerera. Ndidapha nkhuku yanga yoikira mazira, adangonyambita msuzi n'kunena kuti, "Ndakhuta, amayi." Wakhuta chiyani? Wakhuta chiyani mwana iwe? Ine pakamwa panga mumapadziwa, sipachedwa kupsa. Ndidamukalipira wodwala. Ndidati, "Ukufuna undifere ndi njala m'manja muno kuti anthu aziti kwa amake kudalibe nkhokwe?" Iye maso kukhoma. Ndikatuluka panja ndinkakalira kuseri kwa khola kuti asandimve. Ndidapemphera. Ndidasala kudya masiku atatu, ndiye m'nyumba mudangokhala osadya awiri, basi.

Miyezi iwiri idatha choncho, akungolawa timadzi ta phala tokwanira kuti mpweya usachoke. Mu Novembala tidamunyamula kupita naye kuchipatala. Adokotala adamuyeza, adandiitanira pambali, n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi, pitani naye kunyumba. Chimene angafune muzimupatsa." Mawu amenewo tanthauzo lake tonse timalidziwa. Ndidafuna kufunsa kuti, nanga amene safuna kanthu ndimupatse chiyani? Koma ndidangomunyamula n'kutuluka naye.

Pobwerera tidakwera matola. Mukuidziwa pikapu ya matola, anthu pamwamba pa matumba a feteleza, mbuzi pansi pa miyendo, wina wakupondani koma ndinu mupepese. Azibambo adali pa mkangano wa zipani, kukuwa ngati pamowa. Pakamwa patu padatseguka masiku ano, kale ukadangoyerekeza kulankhula zotero ukadakagona kwina. Ine ndidangomufungatira mwana wanga, mafupa okhaokha, galimoto ikadumpha iye n'kubuula.

Titafika pachitunda china, galimoto idatsokomola kawiri n'kuzima. Dzuwa lili paliwombo. Adalaivala adalowa kunsi kwake, ife tidatsika n'kukakhala pamthunzi. Ndidati, Ambuye, zonsezi sizidakwane, mwati afere panjira?

Pagulupo padali mayi wina wonenepa, wa mpango kumutu, Msilamu, adati ali ndi golosale pamsika wina. Inde, Msilamu. Musandiyang'ane choncho, Mulungu amatuma amene wamufuna. Mayiyo adayala nsalu pansi n'kuwomba m'manja. Adati, "Ulendo wakanika, koma kamba asakanike. Masulani, masulani!" Aliyense adamasula kamba wake wa paulendo. Uyu mtedza wokazinga, uyu chinangwa chophika, uyu zitumbuwa ziwiri. Mayi uja adakhuthula masuku amene adagula m'njira, n'kutulutsa chigubu cha thobwa. Aja ankakangana za zipani adakhala pansalu imodzi, manja kumakumana pamtedza.

Chigubu chidayamba kuzungulira, uyu amwe apatse mnzake, uyu amwe apatse mnzake. Chitayandikira kwa ife, ine msangamsanga dzanja m'chikwama, kutulutsa kapu yofiira ija.

Mayi uja adati, "Chimenecho n'chiyani?"

Ndidayankha chonong'ona kuti, "Ndi kapu yake. Akudwala."

Iye sadanong'one ayi. Adati, "Kuti akudwala ndaona, maso ndili nawo. Ine chaka chatha ndaika mng'ono wanga ndi matenda omwewa. Tinkadyera mbale imodzi mpaka tsiku lomaliza. Ndafa ine? Taonani thupi ili! Bwezerani m'chikwama chinthucho, mayi. Kamba alibe mbale ya munthu, ndi wa onse ali panjira." Adagwada, adamugwirira Lonesi chigubu n'kunena kuti, "Imwa, mwana wanga."

Lonesi adamuyang'ana mayiyo, adandiyang'ana ine, kenaka adamwa. Adamwa, abale! Ndinkaona pakhosi pake pakuyenda. Atatha, mayi uja adatenga chigubu, osapukuta pakamwa pake, n'kupapira iyenso, n'kupatsa bambo woyandikana naye. Kenaka mwana wanga adatambasula dzanja yekha n'kutola suku. Adalipsinya, adayamwa, adalavula nthangala. Adatolanso lina. Ine ndinkawerenga mumtima, mpweya nditaugwira, kuopa kuti ndikasuntha asiya. Adadya asanu ndi awiri. Ndipo azibambo atayamba kukankha galimoto, wina nsapato n'kumuvuka, iye kumakankhabe ndi phazi limodzi, Lonesi adaseka. Adatembenuka n'kundiuza kuti, "Amayi, masuku a chaka chino ngotsekemera." Akulu adanena kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mayi ameneyo dzina lake sindidafunse, ndipo sindidamuonenso.

Mukuganiza kuti ndidamva phunziro? Mutu wangawu ngouma. Ine ndidati mankhwala ake ndi masuku. M'mawa mwake ndidalawirira kuphiri, ndidatola masuku odzaza beseni, ndidasankha akupsa bwino, n'kuwaika m'mbale yake ija. Adangoyang'ana kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Pamenepo mphamvu zidandithera. Ndidakhala pansi pabwalo, miyendo tambalale, kulira ngati pamaliro.

Bambo ake a Lonesi mumawadziwa, munthu wotha tsiku lonse ndi mawu atatu. Adabwera kuchokera kumunda, adatsamiritsa khasu, n'kundiuza kuti ndifotokozenso zonse za pamatola paja, osadumpha kanthu. Ndidafotokoza. Kenaka adati, "Mangani kamba. Kapuyo ndi mbaleyo zisiyeni."

Ndidati, "Tikupita kuti?"

Adati, "Ulendo."

Adamanga ng'ombe pangolo, tidayala mphasa ndi bulangete, tidamugoneka Lonesi, Tiyamike pambali pake. Tidadutsa kudimba, tidakwera kachitunda kaja ka kuseri kwa mudzi, tidaima pansi pa mtengo wa mango. Ulendo wonse udali womwewo. Bambo ake adamasula nsalu, adatenga mbatata yophika, adaluma, n'kumupatsa mwana wawo. Iye adaluma n'kupatsa Tiyamike. Kamwana kaja kadayang'ana kwa ine kuti kaone ngati ndikuwa. Sindidakuwe. Ndidangokhala gwa, manja pamiyendo.

Ndiye Lonesi adatenga mbatata ina, adailuma, n'kunditambasulira. Adati, "Amayi, inu simudya?"

Abale, ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ndidazengereza kuilandira. Mayi wobala, kuopa mbatata yoluma mwana wake. Ndidailandira. Ndidaluma pomwe adaluma iyepo, ndidatafuna pamodzi ndi misozi. Iye adandigwira dzanja n'kunena kuti, "Njala inkandipweteka, amayi, inkandipweteka kwambiri. Koma kapu ija tsiku ndi tsiku inkandiuza kuti ndidafa kale, mukungodikira kukandiika. Nanga wakufa amadya?"

Ndidagwada m'ngolo momwemo kupepesa mwana wanga. Ndidati ndikhululukire, ndikhululukire. Iye adati, "Basi amayi, mbatata ikuzizira."

Kuyambira tsiku limenelo timadyera mbale imodzi. Komabe pakhomo amadya pang'ono. Akuti m'nyumba muja iye ndi wodwala, koma pangolo ndi munthu wa paulendo ngati wina aliyense. Ndiye takhala tikuyenda. Anthu akatifunsa m'njira kuti mwatengana banja lonse mukupita kuti, bambo ake amayankha nkhope ili gwa kuti, "Ku Joni." Lonesi amaseka mpaka chifuwa chimugwire. Tadya chimanga cha kudimba chootcha pamoto wa zitsononkho. Mvula yoyamba itagwa tidakazinga ngumbi, iye n'kumandinena kuti ndawonjeza mchere monga mwa nthawi zonse. Tsiku lina kunja kutayera bwino adatiloza mapiri a ku Ntchisi, n'kumuuza Tiyamike kuti, "Ukuona paja pali mtambo? Udabadwira pamenepo, tsiku la msika." Zaka makumi atatu ndili pabanja, ine ndi bambo ake tidali tisadakhalepo pansi pa mtengo kungoyang'ana mapiri. Zaulesi zimenezo tinkazidziwa ife? Tazidziwira pa mwana wodwala.

Koma sadachire. Ndisakunamizeni, sadachire. Miyendo yatupa, chifuwa sichikumuleka, ndipo maulendo athu akufupikirafupikira. Amafuna atakaona amayi ake aang'ono ku Mvera, koma ndikudziwa kuti kumeneko sitidzafikako. Sabata yatha tidangofika kumapeto kwa munda. Lachinayi thupi lidakana kukwezedwa pangolo, ndiye tidamanga kamba bwinobwino m'nsalu, tidamutulutsa Lonesi pakhonde, bambo ake n'kunena kuti, "Tafika, tsikani." Adadya nthochi theka. Chimanga chamera bwino chaka chino, koma sindidziwa ngati mwana wanga adzalawa mondokwa. Ndapempha machiritso, ndapempha, ndapempha. Yankho limenelo silidabwere. M'manja mwanga mulibe kanthu, abale, ndilibe mankhwala, ndilibe nzeru. Chimene ndingathe ndi kuphika mbatata ndi kuimanga m'nsalu.

Nanga ndikuthokoza chiyani? Ndikuthokoza kuti Mulungu adazimitsa galimoto pachitunda paja. Ndikuthokoza kuti mwana wanga sadzachoka ali ndi njala, atatembenukira kukhoma, akuganiza kuti mayi wake amanyansidwa naye. Akadapita mu Okutobala muja, ine ndikadakhala ndi chimenecho mpaka kumanda, osadziwa n'komwe chimene ndidalakwa. Ambuye andipatsa masiku oti ndidye ndi mwana wanga. Ngochepa, koma andipatsa. Zikomo Yesu. Zikomo.

Lero m'mawa wadzuka ndi timphamvu pang'ono. Wati, "Amayi, ulendo wa lero ukhale wa kutchalitchi." Ndiye tabwera naye. Ali panjapo, m'ngolo, pansi pa bulugamu wa pafupi ndi zenera ilo. Pabenchi sangathe kukhala. Ena mwa inu mwaidutsa ngoloyo polowa muno, mwayang'ana kumbali. Ndakuonani, ndipo sindikukudzudzulani, woyamba kuchita zimenezo ndine.

Tanyamula dengu la mbatata ndi mango, ndi thobwa amene ndaphika dzana. Ndi kamba wa paulendo, ngwa aliyense. M'njira muja wandifunsa kuti, "Amayi, anzanga aja ndinkatunga nawo madzi, kodi abwera kudzadya nane?" Yankho lake silili ndi ine, lili ndi inu.

Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, kondwerani nane, mwana wanga akudya. Imirirani, tiimbe mokweza kuti amve panjapo. Ndipo tikatuluka, musamudutse.