Makaseti Oingitsa Mbalame

Pa siteji ya basi, mayi wina anayamba kucheza ndi bambo wachikulire amene anafungatira thumba la makaseti akale.

"Bambo, alipo amene amamverabe makaseti masiku ano?"

"Ndi a kumunda awa, mayi. Ndimasolola tepi yake n'kuikunga pamwamba pa mapira. Ikamanyezimira, mbalame sizitera."

"Zoona?"

"Eetu. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yoyamba. Mapira akangoyamba kucha, bambo anga ankati, 'Siya mabuku, kaingitse mbalame.' Lero mdzukulu wanga sajomba olo tsiku limodzi. Ndimathokoza."

"Koma sizikuwawani kuwononga nyimbo zanu?"

"Zimawawa. Nyimbo zimenezi tinkavina ndi malemu akazi anga. Koma mphepo ikawomba, tepi ija n'kumavina, ndimangoti amayi abwera kudzalondera munda kuti mwana apite kusukulu."