Chigoli chimene amai analulutira

Moni kwa inu nonse m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Ine ndine Yotamu, wa ku Katondo. Ena mumandidziwa ndi dzina lina. Chonde musaseke.

Ndimasewera mpira wa pa sikirini, uja wa mpikisano. Ku Katondo kunalibe wondigonjetsa. Ndinkalowa m'kashopu ka magemu pa msika m'mawa, n'kukhala. Kukhala basi, abale. Osaimirira, osawongola msana. Ndinkati kuimirira n'kutaya nthawi.

Kunabwera mpikisano wa tauni yonse, wochitikira mu holo. Ndinapempha amai kuti adzaonerere. Iwo ankati magemu ndi ulova, koma tsikulo anasiya tebulo lawo la tomato, navala chitenje chatsopano, nabwera ndi anzawo a kwathu ku Petauke.

Mufainolo ndinakumana ndi Mwape, mnyamata wa ku Chowa. Iyeyu gemu ikatha ankanyamuka, kutuluka panja, kuzungulira holo, n'kubwerera. Ine ndinali chikhalire kuyambira m'mawa. Ndinamufunsa mokweza kuti, "Ba Mwape, m'mimba mwavuta?" Anthu anaseka.

Chigawo chachiwiri mutu unalema. Maso akuona, zala zikuyenda, koma nzeru kulibe. Ndinaiwala kuti matimu asinthana mbali. Ndinathamanga nawo mpira, kuukankha mwamphamvu, n'kulowa m'golo langa lomwe. Ndiye ndinalumpha, manja m'mwamba, kuyang'ana amai. Amai poona choncho anaimirira nayamba kululuta. Holo yonse inafa ndi phwete. Anthu anawaseka amai anga, abale. Amai anga, chifukwa cha ine.

Kavidiyo kanazungulira m'mafoni. Pokwerera minibasi makondakitala ankandiitana kuti Chigoli. Ndinathawira ku Makululu kwa amalume. Sindinkatuluka, ngakhale kuno ku tchalitchi sindinkabwera. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, anthu aiwale.

Anthu sanaiwale. Koma Mulungu anatuma munthu yemwe uja ndinamunyoza. Mwape anandifunafuna mpaka kundipeza kuseri kwa nyumba.

"Manje uzabisala mpaka liti?" anatero. "Nyamuka tiyende."

Panjira anati, "Ine nikankhala maningi mutu umagona. Nikayendako pang'ono, nikabwela niona bwino kwamene mpira uyenda. Iwe unali kuganiza kuti ni m'mimba."



Ndinabwerera ku kashopu. Gemu ikatha ndimanyamuka, kuyenda mpaka pogulitsa makala, n'kubwerera. Ndikakhalanso, mutu umakhala wopepuka. Ndimakumbukira mmene mnzanga akusewerera, ndimasankha msanga kopatsira mpira. Sindinawinebe mpikisano waukulu, ndipo dzina lija silinathe. Ndimangoyankha.

Chimene chinkandilemera kwambiri chinali kupepesa amai. Ndinawapeza pa tebulo lawo, ndinagwada pomwepo pa msika. Iwo anapitiriza kuunjika tomato, nati, "Ine ndinaona mwana wanga wakondwa, ndinaluluta. Ndinalakwa chiyani? Dzuka, ukuthamangitsa makasitomala."

Ndinadzuka, abale. Ambuye alemekezeke, ndipo zikomo pondimvera.