Mapaipi Kutsogolo, Bolodi Pakhonde

Olemekezeka mkulu wa sukulu ino ya zamagetsi, olemekezeka wapampando wa komiti, aphunzitsi, makolo, ndi inu ophunzira: ulemu wanu ndaulandira ndi manja awiri, koma mtima wanga wawawa, ndipo sindikubisirani.

Ndikuthokoza amene mwamanga chipinda chino ndi kuchidzaza ndi zipangizo. Mwandionetsa mapaipi agalasi okongola, madzi ofiira akuzungulira m'katimo, oti ana aziona mmene magetsi amayendera. Koma nditafunsa kumene kuli bolodi, mwandilozera pakhonde, pamene yatsamira khoma pamodzi ndi matsache. Akuti imatchinga mapaipi! Zoona bolodi yolembapo malamulo enieni a magetsi ithamangitsidwe ndi chidole?

Ndafunsa wophunzira wa chaka chomaliza kuti magetsi n'chiyani. Wandiyankha mosaphethira n'komwe: "Ndi madzi a m'waya, bwana." Musaseke ayi. Yankho limenelo ndinalimvapo kale.

Ine ndi mlamu wanga ntchitoyi tinaphunzira limodzi, kwa mphunzitsi wokoma pakamwa amene ankati masamu ndi otopetsa, fanizo la paipi n'lokwanira. Tsiku lina tikugwira ntchito pafupi ndi mawaya akuluakulu, kapitawo anamukuwira mlamu wanga kuti atalikire. Iye anangoseka, n'kundiuza kuti, "Alamu, paipi yosabooka sinyowetsa munthu. Bola osakhudza." Sanakhudzedi. Magetsi analumpha mumpweya n'kumupeza pomwe anaimapo. Madzi sachita zimenezo, choncho fanizo lija silikanamuchenjeza. Masamu amene tinawadumpha aja ndiwo amanena mtunda woyenera kuima.

Aphunzitsi, fanizo ndi wantchito, si mwini nyumba. Limuperekeze mwana mpaka pa bolodi, likafika pamenepo likhale pansi, ndipo pamene limanama muziwauza ana poyera, asanakaphunzire ndi matupi awo.

A mkulu wa sukulu, riboni iyi sindidula bolodi ili pakhonde. Tumani anthu akaitenge, ife tidikira, dzuwa silitipha. Eya, ikhomeni pakati pomwepo, mapaipiwo asunthire pambali.

Tsopano alamu, mwakhala kumbuyo mokwanira, bwerani kuno ana akuoneni bwino. Gwirani riboniyi ndi dzanja lanu lotsalalo, ine ndidule.

Olemekezeka nonse, ndikulengeza kuti chipinda chino tsopano chatsegulidwa. Zikomo kwambiri.