Kwatsala Mwezi Umodzi pa Ntchito ya Bambo Chulu

Malemu Bambo Wilbroad Chulu anabadwira ku Kasenengwa pa 9 Juni 1966. Wowerenga mbiri yawoyi ndine Gabrieli, mng'ono wawo.

Pulayimale anaphunzira ku Tamanda, sekondale ku Chipata, namaliza mu 1986. Mu 1992 anamanga banja ndi Mayi Mainess, nakhala ku Kapata akugwira ntchito yopima madzi a m'mipope. Atapuma pa ntchito mu 2021, anabwerera kumudzi kuno.

Zimene anapeza mukuzidziwa nonse. Damu la magetsi likatsegula madzi apansi, mtsinje wathu umada bii, umanunkha ngati dzira lowola, nsomba n'kuyandama, ndiwo za m'madimba n'kupserera. Chilolezo cha eni damu chikutha chaka chino, ndipo akupempha china cha zaka makumi awiri. Oona za chilengedwe anatiuza kuti dandaulo la pakamwa siligwira. Pafunika madzi otungidwa pa malo atatu omwewo, sabata yoyamba ya mwezi uliwonse, kwa miyezi makumi awiri ndi inayi. Kudumpha mwezi umodzi, umboni wonse wagwa.

Akulu anga anayamba kutunga madziwo mu Okutobala 2023. Mvula, dzuwa, iwo ku mtsinje basi. Tinkawaseka, ndipo dzina loti dokotala wa achule ndinawapatsa ndine. Lero ndikuchita nalo manyazi.

Mu Julayi 2025 anayamba kutupa miyendo. Madzi a Ogasiti anatunga atatsamira paphewa la akazi awo. Anagonekedwa m'chipatala pa 19 Ogasiti, ndipo anatisiya pa 30, atakwanitsa miyezi makumi awiri ndi itatu.

Asiya mayi a kunyumba, ana atatu, Olipa, Israel ndi Edita, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino, azimayi a mpingo, adzukulu okumba manda ndi nonse mwatigwira dzanja.

Tsono azimalume ndi azakhali, pepani, ndili ndi mantha ndipo sindibisa. Lero ndi pa 1 Seputembala. Madzi omaliza ayenera kufika ku Chipata pofika Lachisanu. Wodziwa malo atatuwo, amenenso dzina lake linalembedwa kuti angatunge, ndi alamu anga Mayi Mainess okha. Ine nditapita, madzi angawo akawakana. Koma mwambo wathu ukuti namfedwa satuluka pakhomo mpaka tsiku lometa, ndipo tsikulo mwaliika mwezi wamawa.

Ndikudziwa kuti pamaliro sitipempherapo zotere. Alamu anga sangatsegule pakamwa pamaso panu, n'chifukwa chake ndawalankhulira. Aloleni mmawa umodzi wokha, azimayi awiri awaperekeze. Mukakana, zidzukulu zathu zidzakula zikumwa madzi omwewa.

Akulu anga Wilbroad, usani mumtendere, mbali yanu mwaigwira. Mabotolo atatu otungira madzi tawaona kuchipinda, otsukatsuka, mutalembapo kale Seputembala ndi dzanja lanu.