Zidina Pansi pa Galimoto

Zikomo aulutsi, Mulungu akudalitseni pondiwerengera kalatayi. Ndine mayi wa ku Nsanama.

Amuna anga amakonza galimoto pakhomo. Mwezi wathawu kunabwera wamalonda wina wa ku Liwonde, galimoto yake itathyoka sipuling'i. Ataikweza ndi jeke n'kuchotsa tayala, amuna anga anati akabwereke kaye zipika za mtengo zochirikizira.

"Iyayi bambo, msika ukutha," anatero wamalondayo. "Ingoikani zidina izi."

Zidinazo n'zosawotcha, komanso zinali zitavumbwa. Amuna anga atangolowa pansi, jeke inaterereka, zidina n'kunyenyeka, galimoto n'kuwapsinja mwendo.

Ife amayi tinathamanga ndi minsi kukaitukula. Mwini galimoto anagwada, ine n'kumati akupemphera. Chonsecho ankasuzumira zitsulo zake.

"Mwandipindira chitsulo china," anatero, munthu akubuula pambali pake.

Ndikuthokoza Mulungu kuti amuna anga ali moyo, ngakhale akuyendera ndodo. Wamalonda uja sanabwere n'kudzazonda komwe.

Anzanga omvera, musachirikize galimoto ndi zidina. Wokufulumizitsaniyo si amene akalowe pansipo.